Sipuling'i ya Kumbuyo Kumanzere

"Kodi chalira n'chiyani?"

Anafunsa ndi Amayi, nkhope atalozetsa kutsogolo kumene maso awo sankaonako bwino. Abambo anangogwiritsa chiwongolero ndi manja onse awiri ngati kuti yalankhula ndi wailesi. Kumpando wakumbuyo, mwana wawo woyamba, amene pakhomo ankamuitanabe kuti Chisamba ngakhale anali atamaliza kale kukoleji, anayang'ana pansi pa mpando wake.

Chinali chitaliradi. Khoo! kamodzi kokha, ngati munthu wamenya njanji ndi nyundo, ndipo chinalirira pansi penipeni pa mpando wa Chisamba. Galimoto sinagwere m'dzenje, sinagunde kanthu. Inangokwera kabampu ka pafupi ndi sukulu, kamene Abambo ankakakwera mwaulemu ngati akulowa m'nyumba ya apongozi. Koma kuchokera pamenepo galimoto inali itapendekera kumanzere, ndipo phewa la Chisamba linkangokankha chitseko lokha.

Kubuti kunali matumba asanu ndi limodzi a mchere. Amayi anali atagulitsa mchere kumsika kwa zaka khumi ndi zitatu. Lachitatu lililonse ankapita kukapikula matumba, Abambo n'kuwanyamulira, kunyumba n'kumapakira m'timajumbo. Leroli linali Lachitatu ngati ena onse, kungoti mawa lake kunali ulendo wina. Dokotala wa maso, amene ankabwera kuchipatala chachikulu kamodzi pa miyezi inayi, anali atawalemba Amayi kuti akawachotse ng'ala. Chipatalacho chinali kuseri kwa phiri. Msewu wake unkatsika mokhotakhota, mbali iyi thanthwe, mbali inayo phompho lopanda mpanda, ndipo pansi pa phomphopo pankaoneka zigoba ziwiri za magalimoto zimene palibe anavutikapo kukazikoka. Abambo anali atalengeza kale, abale ndi anansi akumva, kuti mkazi wawo sangakwere basi popita kukang'ambidwa diso mwamuna wake ali ndi galimoto.

Kenako kunayamba phokoso lina, laling'ono koma losaleka. Kwee, kwee, kwee, motsatira kuzungulira kwa tayala. Pambuyo pake panabwera fungo la chinthu chopserera.

"Abambo, imani."

"Ndi mwala uwo. Wagunda kunsi."

"Mwala sununkha chonchi."

"A Digiri ayambapo," anatero Abambo, akumuyang'ana pagalasi. "Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikuyendetsa magalimoto a kampani, osaponda ngakhale nkhuku. Lero ndiphunzire kwa munthu wa laisensi ya miyezi isanu?"

Chisamba anali ndi kanthu kake kamene sanauze munthu. Lachisanu lapitalo, Abambo atapita kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, iye anatenga makiyi pamsomali kuti akayeserere yekha. Mvula inali itangokata. Pafupi ndi pomwetsera mafuta panali chithaphwi chooneka chosalakwa, ndipo pansi pake panali dzenje. Tayala lakumbuyo kumanzere linalowamo lonse, mano ake mpaka kugundana. Anabwerera kunyumba, anapukuta matope onse, makiyi n'kuwabwezera pamsomali. Tsopano tayala lomwelo ndi limene linkalira pansi pake.

Kutsogolo msewu unkayamba kutsetsereka, ndipo phazi la Abambo silinkaonetsa kuti lili ndi maganizo oima.

"Abambo, ndikufuna kusanza."

Galimoto inaima nthawi yomweyo. Mipando imeneyo Abambo sankalola munthu kudyerapo ngakhale switi.

Chisamba anatuluka n'kugwada pambali pa tayala. Mpata umene unkakhala pakati pa tayala ndi thupi la galimoto, woti munthu n'kupisamo chibakera, unali utatha. Ngakhale zala ziwiri sizikanalowa. Anayandikitsa dzanja n'kulibweza msanga. Tayala linali moto.

Abambo anabwera n'kuima pambuyo pake, manja m'chiuno. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi katundu," anatero pomaliza. "Matumba a lero ndi onenepa."

"Bambo a Chisamba," Amayi anaitana ali m'kati, "galaja ya a Sipanala si ili pakona apa? Kangowapatsani moni anzanuwo."

Amayi ankadziwa kulankhula ndi mwamuna wawo. Kukakonzetsa galimoto akanakana, koma moni sakanizidwa. Choncho Abambo anaiyendetsa pang'onopang'ono, magetsi akuphethira, pamene Chisamba ankayenda wapansi m'mbali mwa msewu atawagwira Amayi pamkono. Kwee aliyense ankamumva m'mano.

A Sipanala anali mnzawo wa Abambo kuyambira kukampani, kumene ankakonza magalimoto amene Abambo ankayendetsa. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo okha. Galaja yawo inali chipinda chimodzi chachitali chofolera malata, pakati pake pali dzenje lokonzera magalimoto, m'makoma muli mizere ya masipanala opachikidwa motsatira msinkhu. Ankagwira ntchito okha, ati anthu othandiza amataya mabawuti.

"Eee, a Dalaivala! Agogo adwala chiyani lero?"

"Agogo ndinu. Uyu ndi namwali."

"Namwali wotsimphina chonchi? Tsitsani katunduyo, mumuike padzenje timuone."

Chisamba ndi Abambo anatsitsa matumba aja, limodzilimodzi, n'kuwasanja pakhoma. Awiri mwa matumbawo anali ong'ambika m'mbali. Amayi anali atawasoka konko kopikula ndi chingano chachikulu, monga ankachitira nthawi zonse. Kale msoko wa Amayi sunkadutsa ngakhale ufa, koma chiyambire ng'ala ankasoka mopapasa, ndipo pakati pa ulusi ndi ulusi pankalowa chala. Pansi pa buti panali poyera mbee ndi mchere. Chisamba anaona, Abambo anaona, ndipo monga mwa masiku onse palibe anatchula.

A Sipanala anatsikira m'dzenje ndi tochi. Kunamveka kugogoda, kenako kukhosomola, kenako chete. Atatuluka anali atanyamula chitsulo chopindika ngati theka la chibangili chachikulu, chakuda ndi dzimbiri. Anachiika pathebulo mwaulemu.

"Sipuling'i yathyoka. Mbali yotsalayo yatuluka pamalo pake, ikudya tayala m'kati. Yakumba kale mpaka mawaya akuoneka. Mukanayenda mtunda wina pang'ono, tayala likanaphulika."

Chisamba anaganiza za mtsetse umene anatsala pang'ono kuutsika, kenako anaganiza za wa mawa, wa kuphiri, umene unali wautali kakhumi.

"Sipuling'i singathyoke pakabampu ka ana asukulu," anatero Abambo.

"Kabampu kangomalizitsa. Sipuling'i imafa pang'onopang'ono ngati ife tomwe. Choyamba ndi ukalamba. Galimotoyi ili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, chitsulo chimatopa."

"Chitsulo sichitopa. Amatopa ndi makaniko waulesi."

"Chabwino. Maenje a m'misewu."

"Maenje a m'tauni muno ndimawadziwa ngati ana anga. Palibe limodzi limene ndinagweramo."

Chisamba anayamba kuwerenga masipanala a pakhoma mwachidwi chachikulu.

"Nanga mashoko? Ndinakuuzani chaka chatha kuti afa, galimoto ikudumpha ngati chule. Mashoko akafa, ntchito yonse yogwira mabampu imatsalira sipuling'i. Munandiyankha kuti chiyani?"

"Ndinati mukufuna kundigulitsa zitsulo."

"Ehe. Ndiye katundu. Matumba asanu ndi limodzi sabata iliyonse, pa galimoto yopangidwira bwana ndi chikwama chake. Koma zonsezi n'zothandizira chabe. Chaipha ndi ichi." Anakanda chitsulo chija ndi chikhadabo, nkhanambo zofiirira n'kugwera pathebulo. "Dzimbiri."

Nkhope ya Abambo inasintha ngati awatukwanira mayi awo.

"Dzimbiri? Pa galimoto yanga? Funsani aliyense mumsewu mwathu. Loweruka lililonse ndimaitsuka ndekha, kunja, m'kati, mpaka kubuti ndi sopo. Inuyo mumasamba kangati pa sabata?"

A Sipanala anatsegula pakamwa, anayang'ana mnzawoyo, n'kutsekanso. Anayamba kupukuta manja ndi chiguduli, chala chimodzichimodzi.

"Masipuling'i a mtundu uwu m'tauni muno mulibe," anatero. "Ndikaitanitsa lero afika Lachisanu madzulo. Ndipo timasintha onse awiri, osati imodzi."

"Ulendo ndi wa mawa m'mawa."

"Ndikudziwa."

"Ndiye iwotchererani."

"Sipuling'i sawotcherera, a Dalaivala. Moto umachotsa mphamvu yake yonse. Idzaoneka yolumikizana bwinobwino, koma pakona yoyamba idzathyokera pomwepo."

"Mawa mulibe katundu. Ndi anthu atatu basi, wina ndi uyu woonda ngati ndodo. Tiika tayala lapadera, ndiyenda pang'onopang'ono. Phiri limenelo ndalitsika ndi malole odzaza simenti inu mukugona pansi pa galimoto za eni."

"Ine sindiwotcherera."

"Musavutike. Wowotcherera ali kuseri kwa msika, ndipo alibe mwano."

Abambo anatuluka, nsapato zikulira pasimenti. Chisamba anawayang'ana mpaka anakhota. Ankawadziwa bambo ake. Wowotcherera akavomera, ndipo akanavomera ndithu, mawa dzuwa likamatuluka adzakhala atavala jekete lawo labwino, injini ikulira pakhomo.

Amayi anali atakhala pabenchi pafupi ndi matumba awo, manja pamiyendo.

"Chisamba, tabwera. Nkhope ya bambo ako ikuoneka bwanji?"

"Ili bwinobwino."

"Usandinamize chifukwa choti sindikuona. Akamakweza mawu chonchi ndiye kuti mtima uli m'mwamba."

"Amayi, auzeni kuti mukwera basi. Inu akumverani."

Amayi anapukusa mutu. "Basi ine sindiikana, mwanawe. Koma chiwapumitsireni pantchito, chimene chatsala m'manja mwawo ndi chiwongolero chimenechi. Akati tikwere, ine ndikwera. Ndakwera nawo zaka zonsezi."

Anazinena mofatsa ngati akunena za nyengo, ndipo n'zimene zinamuopsa kwambiri Chisamba. Anaona m'maganizo mwake Amayi atakhala kutsogolo ndi kachikwama kawo ka kuchipatala pamiyendo, akuyang'ana phompho limene sakuliona, n'kufunsanso kuti chalira n'chiyani.

Anapita kuthebulo kumene a Sipanala ankasuntha zitsulo popanda chifukwa.

"Amalume," ananong'ona, "ndine ndaithyola. Lachisanu ndinaiba makiyi. Ndinagwera m'dzenje, tayala lomwelo."

A Sipanala anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Kenako anatola chidutswa chija n'kuchitembenuza kuti pothyoka paloze kuwala.

"Taona apa, mwanawe. Ukuona pakuda ponsepa? Pamenepa panang'aluka kalekale, mwina chaka, mwina kuposa. Dzimbiri linalowa mpaka m'kati. Tsono taona aka." Analoza kachigawo kowala, kakang'ono ngati chikhadabo cha mwana. "Aka ndi kamene kathyoka lero. Galimoto yonse inkalendewera pa aka. Dzenje lako linangofupikitsa masiku, silinaphe munthu."

Chisamba ankayembekeza kuti mtima ukhala pansi, koma sunakhale. Ankangoyang'ana kachigawo kowalako, n'kumakumbukira maulendo onse a Lachitatu.

"Nanga inayo? Ya kumanja?"

A Sipanala anangomupatsa tochi n'kuloza makwerero ndi chibwano.

M'dzenje munali mozizira, monunkha oyilo wakale. Chisamba anali asanaionepo galimoto yawo kuchokera pansi. Pamwamba inali yonyezimira yoti n'kudziyang'anirapo, koma kunsi kunali ngati chilonda chimene chabisidwa ndi malaya abwino. Anapeza sipuling'i yothyoka, nsonga yake itatsamira tayala, pomwe inakumba mzere wozungulira. Kenako anawalitsa kumanja. Sipuling'i ya kumeneko inali chiimire, koma mapindi ake awiri apansi anali otupa ndi nkhanambo, atakhala m'kambale kachitsulo kodzaza matope onyowa. M'mphepete mwa matopewo munali zoyera, zouma, ngati nkhoko za m'mphika.

Anatsatira zoyerazo ndi tochi. Zinkakwera mumzere, woyera m'mbali, wofiirira pakati, mpaka kukafika pa kabowo kozungulira bwino pansi pa buti. Buti inali chitsegulire, ndipo pa kabowoko pankalowa kuwala kwa dzuwa. Kumanzere kunalinso kabowo kena, ndi mzere wake, wolunjika pa sipuling'i yothyoka ija.

Anakhudza zoyerazo ndi chala n'kulawa. Sanafunikire digiri kuti adziwe kuti ndi mchere.

Mabowowo ankawadziwa. Anali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene Abambo anazula timalabala tiwiri totseka pamenepo, n'kumuonetsa monyadira nzeru yawo: tsopano akathira madzi kubuti kuti achotse mchere wa Amayi, madziwo azituluka okha, buti iziuma msanga. Ndowa zake ankatunga ndi iyeyo. Loweruka lililonse, ndowa zinayi, zaka zonsezi, madzi a mchere ankatsikira pa masipuling'i n'kukhala m'timbale tija mpaka Loweruka linalo. Pafupi ndi mzere wa kumanja pankadutsa kapaipi kowonda kopita kutayala, nakonso kali ndi nkhanambo.

"Aka ndi ka chiyani, amalume?"

"Ka mabuleki," anayankha a Sipanala atanjuta m'mphepete mwa dzenje. Analankhula motsitsa kuti Amayi asamve.

"Ndiye munaona kale."

"Ndaona nditangotsika."

"Bwanji simunawauze?"

A Sipanala anavula magalasi n'kuwapukuta pa ovolosi, zimene zinangowadetsa kwambiri. "Tsiku limene bambo ako anabweza makiyi a kampani sanapite kunyumba. Anabwera kuno. Anakhala pabenchi ali mayi akowo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osatulutsa liwu. Ndiye lero ndiwauze kuti galimotoyi aipha okha ndi ndowa yawo? Kuti ukhondo wawo umene amanyadira mumsewu monse ndi umene ukanapha mkazi wawo? Pakamwa panga sipatuluka zimenezo. Ndikati dzimbiri, ndafika pomwe ndingathe."

"Koma akaiwotcherera."

"Akaiwotcherera, inde."

Nsapato zija zinamvekanso pasimenti, tsopano zikuyenda mwachipambano.

"Wowotcherera uja wati ndi ntchito ya mphindi makumi awiri!" Abambo analengeza ali pakhomo. "Wati makaniko a masiku ano amangodziwa kusintha, kukonza anaiwala. A Sipanala, ikani tayala lapadera ndizipita. Nanga mwanayu ali kuti?"

"Ndili pansi pano, Abambo." Chisamba anawalitsa tochi pamakwerero. "Tatsikani."

"Ndi malaya oyera?"

"Tatsikani, Abambo. Chonde."

Mwina linali liwu loti chonde, limene Chisamba sankaligwiritsa ntchito kawirikawiri. Abambo anapinda manja a malaya, natsika makwerero chammbali chifukwa cha bondo lawo. M'dzenje munali mothina. Anaima moyandikana, mitu atawerama, galimoto yonse ili pamwamba pawo. Chisamba anali atakonza mawu, koma atatsegula pakamwa panatuluka ena.

"Lachisanu ndinatenga galimoto. Ndinagwera nayo m'dzenje."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Unasiya mpando kutsogolo, galasi likuyang'ana kudenga. Ndinkadikira kuti ndione utenga masiku angati. Ndiye wanditsitsira zimenezi?"

"Ayi."

Chisamba anangogwira dzanja la bambo ake, limene anali asanaligwire chichokereni ku pulayimale. Linali lolemera, lofunda, ndipo linakana pang'ono lisanalole. Analitsogolera ku kambale ka sipuling'i ya kumanja, n'kukhudzitsa chala chawo pa zoyera zija. Kenako anawalitsa tochi pamzere uja, pang'onopang'ono, kuchokera pansi mpaka pa kabowo.

Abambo anayang'ana chala chawo. Anachiika palilime.

Palibe chimene chinasuntha pankhope pawo. Anakweza dzanja n'kupisa chala chomwecho pa kabowo kaja, ndipo chinalowa bwinobwino, nsonga yake n'kutulukira kubuti kumene kunali dzuwa. Anatembenuka, anapeza kabowo ka kumanzere popanda kuwalozera. Anatsatira mzere wake ndi maso mpaka pa chitsulo chothyoka ndi pa tayala lokumbika.

"Ndipatseni sipanala," anatero.

A Sipanala anawapatsira kuchokera pamwamba. "Pang'onopang'ono, a Dalaivala. Imeneyo yasenza galimoto. Ikadumpha ikuchotsani nsagwada."

Abambo anagogoda pindi lapansi la sipuling'i ya kumanja. Kamodzi. Nkhanambo zinayoyokera pa malaya oyera aja. Anagogodanso. Chisamba ankafuna kuwakoka, ankafuna kuthawa, koma anapitiriza kuwaunikira ndi tochi. Chinachake pamwamba pawo chinalira tswii, mwina malata ndi kutentha kwa dzuwa, mwina ayi.

"Abambo, basi."

Anagogoda kachitatu. Chigamba chachikulu cha dzimbiri chinagwa, ndipo pansi pake panaoneka chitsulo chowonda ngati chala chaching'ono, pomwe chinayenera kukhala ngati chala chachikulu. Chopingasa pamenepo panali mng'alu wakuda, wopyapyala ngati tsitsi, wofika kupitirira theka.

Abambo anayandikitsa nkhope pafupi kwambiri. Anakhala choncho nthawi yaitali. Mtsempha wa pakhosi pawo unkagunda moonekera, ndipo Chisamba anayamba kudzifunsa ngati mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi anamwa m'mawa. Kenako maso awo anapita pa kapaipi kowonda kaja. Sanafunse kuti ndi ka chiyani. Anakasisita ndi chala chimodzi, mopepuka, ngati mmene munthu amakhudzira mwana wodwala kuti asamudzutse.

"Mwapeza chiyani kumeneko?" Amayi anafunsa ali pabenchi. "Mwangoti zii nonse ngati mwagweramo."

Chisamba anayang'ana bambo ake. Matumba osokedwa mopapasa aja anali pomwepo, pafupi ndi mapazi a Amayi, akudontha pang'onopang'ono pasimenti.

"Dzimbiri, mayi a Chisamba," anayankha Abambo. Mawu awo anali otsika, osakweza ngakhale pang'ono. "Dzimbiri chabe."

Anamubwezera Chisamba dzanja lake, limene iye sanazindikire kuti linali likadagwira malaya awo, nakwera makwerero. Chisamba anatsatira. Kunja kunali kowala mopweteka maso.

Abambo anapita pampopi wa pakona n'kusamba m'manja, nthawi yaitali kuposa mmene dothi lake linkafunira. Anasasa malaya koma dzimbiri linali litalowa kale mu ulusi. Anazungulira galimoto, anatseka buti ndi manja awiri mosamenyetsa, natulutsa kampango m'thumba n'kupukuta pomwe zala zawo zinadinda. A Sipanala anali atatola tayala lapadera n'kuliimika pakhoma, ndipo ankaliyang'ana ngati sakudziwa kuti lafika bwanji pamenepo. Chisamba ankangoyang'ana thumba lakumanja la buluku la Abambo, mmene munali makiyi. Akawatulutsa n'kutsegula chitseko, iye akanachita chiyani? Kugona kutsogolo kwa matayala? Anadziyeza mumtima, napeza kuti mwina akanagonadi.

Dzanja la Abambo linalowa m'thumba. Makiyi analira. Anawayang'ana ali pachikhatho, kachikopa kake kakuda ndi zaka. Kenako anadutsa chitseko cha galimoto, anafika pathebulo, nawaika pambali pa chidutswa cha sipuling'i chija.

"Mawa tikwera basi yoyamba, tonse atatu," anatero. "A Sipanala, konzani zonse zimene mwaona. Ikatha, muitane mwanayu adzaitenge. Makiyi awa ine musadzandipatsenso, ngakhale nditabwera kudzawapempha."